Mwana wa achimwene anabwera kuchoka ku Joni akunyoza chilichonse, nazi zomwe ndinaona pomulera kuno ku Lilongwe

Ndikulembera inu amene achibale akutumizirani mwana kuchoka kunja, makamaka ku Joni, kuti adzapitirize sukulu kuno kumudzi. Ku tchalitchi kwathu kokha kuli mabanja angapo otere ndipo tikakumana dandaulo limakhala limodzimodzi, eti mwanayu ngodzimva, ngamwano, chilichonse cha kuno amachiona ngati zinyalala. Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa ku sekondale, ndimakhala ku Area 25, ndipo mwana wotero ndamusunga mnyumba mwanga, mwana wamkazi wa achimwene anga. Dzina sinditchula poti ndi mwana ndipo nkhaniyi wandilola yekha kuti ndiifotokoze.

Anabadwira konkuno koma anapita ku Johannesburg asanayambe nkuyankhula komwe, nde Malawi ankangomudziwa pa zithunzi za pa WhatsApp. Atakwana zaka 15 ntchito ya bambo ake inayamba kugwedera, mapepala nawo osalongosoka, basi makolo anagwirizana kuti mwana abwere kwa azakhali. Anakwera basi mu December, ulendo uja wa masiku awiri wodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpakana kulowera pa Dedza, ndipo potsika anali atatupa mapazi, nkhope ili gwa, moni wanga anangoyankha ndi mutu.

Kunyoza kunayamba tisanafike nkunyumba komwe. Fumbi. Minibasi yokhala anayi anayi pampando, kondakitala atapachikika pakhomo. Akabaza kulowerera paliponse. Nditapita naye ku Gateway Mall poganiza kuti mwina mtima ukhala pansi anangoyang'ana uku ndi uku nkufunsa kuti anti mall yake ndi yomweyi basi? Nsima ankati ndi pap yolimba mopanda nzeru, bonya ankati akamununkhiza mutu umamupweteka, kusamba madzi a mu ndowa ankati ndi za makedzana. Choopsa kwambiri chinali kwa agogo ake, mayi anga, amene ndimakhala nawo, mwana kuwatchula kuti iwe, kuwapatsa kapu ya madzi ataimirira chilili ndi dzanja limodzi, kudutsa pakati pa akuluakulu osanena olo zikomo. Mayi anangoti kukamwa yasa, kenako madzulo anandiitanira kuchipinda nkundifunsa motsitsa mawu kuti kodi mwanayu anamulera ndani.

Za sukulu ndifotokoze bwinobwino chifukwa apa ndi pomwe ambiri amadzidzimukira. Ku South Africa pulayimale imathera Giredi 7, sekondale imayamba Giredi 8 mpakana 12 pomwe amalemba matric. Kwathu kuno pulayimale ndi zaka 8, sekondale 4. Zonse zimakwana 12 inde, koma zikutanthauza kuti Giredi 9 ndi Fomu 1 yathu, mwana amene kwawoko anali atatha kale zaka ziwiri ku sekondale kuno akuwerengedwa ngati wangoyamba kumene. Onjezani kalendala, iwo chaka cha sukulu chimayamba January nkutha December, ife timayamba September. Nde mwana wobwera mu December amapeza anzake atatha kale teremu yoyamba. Wathuyu anali atamaliza Giredi 9, kutanthauza kuti amayenera kulowa Fomu 2, koma Fomu 2 ndi kalasi ya mayeso a JCE ndipo ahedi anatiuza kuti kalembera wa MANEB anali atatseka kale, komanso mwana sanaphunzirepo Chichewa chiyambire, Agriculture sanaionepo, History yake ndi ya dziko lina. Anatilangiza kuti ayambe teremu yachiwiri ya Fomu 1. Komanso poti sanalembe PSLCE panalibe zoti angasankhidwe kupita ku sukulu ya boma ngati anzake, ma international ngati Bishop Mackenzie thumba la mphunzitsi silingafikeko, tinapeza pulaiveti yoyendera yapakatikati. Ife tinaona kuti nkhani yatha bwino. Iye anamva kuti amubweza kalasi pa mlandu woti sanapalamule, ndipo kunena zoona sankanama.

Kenako tsitsi. Sukuluyo, ngati masukulu ambiri kuno, imafuna atsikana amete lalifupi. Mwanayu anali ndi tsitsi lofika mmapewa lomwe mayi ake ankamuluka okha Lamlungu lililonse chiyambire ali wamng'ono. Ndinapita naye pa kababashopu kena pafupi ndi msika, wometa anamukulunga nsalu pakhosi, makina aja atangolira mwana anatseka maso nkugwira mkono wa mpando mpakana zala kuyera. Sanalire ayi. Tsitsi likugwera pa simenti iye anangoyamba kuyankhula mchingerezi, mokweza, kuti galasi ndi losweka, makina ndi akuda, malo ano kwawo akanawatseka kalekale, anthu a kuno sadziwa ukhondo. Wometa uja anamva zonse, anangopitiriza ntchito yake mwaulemu. Titatuluka mwana anabwerera mkati, ndimaganiza kuti waiwala foni, koma anakatola kachingwe kamodzi ka tsitsi lolukidwa lija pansi nkukaika mthumba la siketi. Tsiku limenelo ndi pomwe ndinayamba kumumvetsera mwa mtundu wina.

Mkalasi ndikamaphunzitsa nthano ndimauza ana kuti mpangankhani wamkulu akamafotokoza yekha nkhani yake, zomwe akunena za anthu ena musamangozimeza, muzifunsa kuti akuzinena nthawi yanji, wangokumana ndi zotani, nanga ndi chani chomwe sakuchitchula nkomwe. Mwana wa zaka 15 amene ali pa sukulu yatsopano mdziko latsopano ndi mpangankhani wotero ndendende, dziko lonse timaliona kudzera mmaso mwake ndipo maso akewo ali ndi mantha. Nde ndinayamba kusunga mumtima nthawi zomwe kunyoza kumakwera. Sikunali kwa tsiku lililonse mofanana ayi. Kumakwera Lamlungu madzulo akangomaliza video call ndi mayi ake, makamaka akaona ang'ono ake awiri amene anatsala konko akusewera kumbuyo. Kumakwera tsiku lomwe alandira mapepala a mayeso a Chichewa. Kumakwera akaona pa status anzake akale ali limodzi atavala yunifolomu ija ya blazer. Tsiku lomwe wagona bwino, palibe chamukhudza, nsima yomweyo ankadya osanena kanthu, pena mpakana kuwonjezera nkhwani wotendera.

Ku sukulu nako ndinafufuza mwakachetechete kudzera kwa mphunzitsi mnzanga wa komweko. Mwanayu ankabwera kunyumba nkumati anzake ndi otsalira, chingerezi chawo nchoseketsa, amangokopera manotsi osafunsa funso, aphunzitsi amawaopa ngati milungu, ana amasesa ndi kukolopa okha ngati antchito. Zomwe sankanena nzoti tsiku loyamba lenileni atamuimika kutsogolo kuti adzitchule dzina, anayesa kupereka moni mChichewa, lilime linapota, kalasi yonse inaphulika kuseka. Kuyambira pomwepo dzina lake linasanduka wa ku Joni, akadutsa ena ankamuyeserera mayankhulidwe, pa buleki ankadya yekha kuseri kwa kalasi. Anayamba ndani kuweruza mnzake pamenepa? Mwana anaona kuti akadikira aweruzidwa, bola ayambe ndi iye, akanena kuti onsewa ndi otsalira nde kuti kusekedwa ndi otsalira sikupweteka kwambiri.

Koma chomwe chinandipweteka mtima koposa ndinachimva mochedwa, usiku wina magetsi atazima tili awiri pakhonde. Ndinamufunsa kuti bwanji bambo ndi mayi ako onse ndi Achewa koma iwe Chichewa chimakuvuta chonchi. Anakhala chete kanthawi kenako anati adadi anatiletsa kuyankhula Chichewa panja. Mu taxi, pa shopu, pa sukulu, Chizulu kapena chingerezi basi. Inu mukukumbuka zipolowe zothamangitsa obwera zija, 2008, 2015 pomwe boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu, ndi 2019 ku Johannesburg komweko mashopu a obwera akuotchedwa. Achimwene sankachita zimenezi chifukwa chonyada, ankateteza ana awo. Koma taganizani mwana amene wakula akudziwa kuti Umalawi wake ndi chinthu chobisa, kuti anzake akadziwa amutcha kwerekwere, dzina lonyozera obwera, ndipo anamutchadi kangapo, mwana amene anaphunzira kuseka nawo anzake akamanyoza maiko a kumpoto kwa Limpopo kuti asaonekere, lero mwamukweza basi mwamutsitsa pakati pa chinthu chomwe anaphunzitsidwa kuchita nacho manyazi ndipo mukuti pofika mawa akhale Mmalawi weniweni, agwade, adye bonya, ayankhule mwa ulemu wa inu ndi a. Mawu onyoza ankatuluka mkamwa mwakewo ambiri sanali ake, anali omwe ankamunenera iyeyo kumene kuja, anangowatembenuza.

Apa ndisanamizepo, kumvetsa sikutanthauza kulekerera. Ndaona makolo ena akangomva kuti mwana akuvutika mumtima basi chilichonse chololedwa, mwana akutukwana wantchito iwo nkumati musiyeni sanazolowere. Ine zimenezo ayi. Chomwe ndinachita ndi kusiyanitsa zonena zake. Zambiri zinali kulira chabe kovala zovala za mwano, za mall, za pap, za fumbi, zimenezo ndinasiya kuziyankha, sindinkaimanso ngati loya wa dziko la Malawi pa tebulo, ndinkangoti wasowa kwanu eti, ndipo kawirikawiri nkhani inkathera pompo, pena nkuyamba kundifotokozera za kota yomwe ankagula akaweruka, buledi wobooledwa pakati wothiramo tchipisi ndi polony ndi atchar. Zina zinali zoona zenizeni ndipo ndinkamuvomereza poyera. Atanena kuti buku limodzi kugawana ana ambirimbiri si chilungamo, zoona. Atanena kuti zimbudzi za atsikana zopanda madzi ndi zitseko zimapangitsa ena kujomba akakhala kumwezi, zoona, ndipo ife aphunzitsi timazidziwa. Atafunsa kuti bwanji mwana akafunsa funso lovuta mkalasi ena amati ndi mwano, ndinamuuza kuti funso limenelo nanenso limandisowetsa mtendere. Mwana woweruza amakhala ndi diso lakuthwa, amaona zomwe ife tinazolowera mpakana kusiya kuziona, ndipo mukamatsutsa ndi zoona zomwe amasiya kukukhulupirirani pa zonse.

Pomwe ndinaimitsa ndi pa anthu. Pali mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe, msinkhu wake womwewo, amadzuka mbandakucha kukazinga mandasi ndi mayi ake asanapite ku CDSS. Tsiku lina anabwera kudzabwereka chipande, atangotembenuka wathuyu anati, mokweza ndithu, kuti amanunkha utsi ngati nkhuni. Mtsikana uja anamva, ndinaona phewa lake likugwa. Ndinadikira atuluke pageti kenako ndinamukhazika pansi wathuyu. Ndinati mwanawe, fumbi ulinyoze, minibasi uinyoze, nsima yanga uinyoze, sizimva kuwawa. Koma uyu ndi munthu, ndipo utsi ukuwunenawo ndi umene ukumulipirira fizi. Mnyumba muno munthu sanyozedwa. Anayamba zoti ndimangonena zoona anti, ndinati ndamva, koma upita ukapepese, mChichewa, ndipo ndikuphunzitsa mawu ake. Tinayeserera kukhitchini kangapo, pepa chemwali ndinalakwitsa, mpakana lilime linagwira. Anapita yekha, ine ndinaima pawindo. Anakhalako nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira ndipo pobwera anali ndi mandasi awiri mpepala. Sindikunena kuti anasanduka mabwenzi a ponda apa nane mpondepo tsiku lomwelo, koma mtsikana ameneyo ndi amene pambuyo pake anamuphunzitsa kukwera minibasi yekha kupita mtauni, kutsika pa depoti, kuwoloka mlatho kupita ku Tsoka kukasankha kaunjika ndi kunenerera mtengo osaonetsa kuti ndi mlendo.

Za agogo ndinazigwira mbali ziwiri. Kwa mwana ndinafotokoza chifukwa chake, osangoti gwada basi, ndinati kuno thupi limayankhula ulemu pakamwa pasanatseguke, ndipo agogo akamva iwe amamva ngati wawachotsa pa ukulu wawo. Kwa mayi ndinawafotokozera za kuletsedwa Chichewa kuja, analira, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kumudzudzula pagulu, anayamba kumuitanira pa mbaula, tenga mthiko, bweretsa chipande, sefa ufa, thira nsinjiro, Chichewa chambiri chomwe ali nacho pano anachitola pamenepo osati mmabuku anga. Ine mphunzitsi wa phunzirolo ndinangothandiza za malamulo a chiyankhulo ndi kalembedwe ka chimangirizo, ndipo ndinamugulira kope lapadera loti azilembamo chilichonse chomwe chamunyansa tsiku limenelo mchiyankhulo chilichonse, ine osawerenga pokhapokha atandipatsa yekha. Masamba oyamba atandionetsa anali mndandanda wa zoipa za Lilongwe. Chapakati anayamba kulemba za anthu, mnyamata wa mkalasi mwawo amene amachokera ku Mtandire wapansi tsiku ndi tsiku koma masamu amakhoza kuposa onse, mayi wogulitsa chimanga chootcha amene anamuwonjezera china atamva kuti makolo ake ali kutali. Diso lija ndi lomwelo, lakuthwa, koma linayamba kuona zambiri.

Chinthu china chomwe chinasintha zinthu ndi kumupatsa malo oti akhale wodziwa osati wophunzitsidwa nthawi zonse. Mwana wobwera amakhala mbuli pa chilichonse, sadziwa kupereka moni, sadziwa ndalama, sadziwa nyimbo ya fuko pa asembule, ndipo pa msinkhu umenewo kukhala mbuli pamaso pa anzako nkowawa kwambiri. Mphunzitsi mnzanga uja anamulowetsa mu kalabu ya dibeti, kumeneko chingerezi chomwe ankamuseka nacho chinasanduka chuma cha timu, ndipo kuti apambane anafunika anzake omwe amadziwa nkhani za mdziko muno zomwe iye sankazidziwa. Anayamba kubwera kunyumba akutchula maina a anzake mmalo mongoti anthu aja.

Makolo amene muli kunjako nanu ndikupempheni. Achimwene ndi alamu anga poyamba ankamuuza mwana pafoni kuti pirira tidzakutenga December, chonsecho akudziwa kuti sizitheka. Mwana amene akuwerenga miyezi yoti achoke sangapeze mnzake, sangalimbikire Chichewa, aphunziriranji za malo omwe akuchokapo? Ndinawaimbira ndekha nkuwauza kuti amuuze zoona, kuti akhala kuno mpakana MSCE, komanso amuuze chifukwa chenicheni chomwe anamutumizira, poti mumtima mwake ankaganiza kuti pa ana atatu anasankha kutaya iyeyo. Sabata imeneyo inali yowawa, anadzitsekera kuchipinda, chakudya ankangotola pang'ono, koma itadutsa anafunsa yekha kuti anti mabuku a Agriculture amagulitsa kuti. Foni musamulande, ndi chingwe chokhacho chomwe chamulumikiza ndi moyo wake wakale, ife tinangogwirizana kuti nthawi ya chakudya ndi yogona imakhala pa tebulo la pabalaza, yanga yomwe.

Muzionetsetsanso kuti mwano usakubisireni matenda. Mwana amene akunyoza akadali ndi mphamvu yolimbana. Muope tsiku lomwe wasiya nkunyoza komwe, sakudya, sakugona kapena akungogona, sakusamba, akunena zoti bola kufa kapena kuti palibe amene angamusowe. Zikafika apo si za pemphero lokha kapena shamu, pitani naye kwa achipatala, kuno ku Lilongwe a St John of God amathandiza za maganizo, ndipo pali nambala yaulere ya ana ya 116 yomwe mwana angaimbe yekha ngati akuchita manyazi kuyankhula nanu. Ife sitinafike pamenepo koma nambalayo ndinamulembera mkati mwa chikuto cha kope lija.

Pano ali Fomu 3. JCE anakhoza, Chichewa anangodutsa pang'ono koma anadutsa. Atakwana zaka 16 tinakamulembetsa chiphaso cha unzika ndipo apa mpomwe tinathokoza kuti alamu anatumiza mapepala ake obadwira pamodzi ndi malipoti a sukulu, nde inu musanamukweze basi mwana onetsetsani kuti mchikwama muli zimenezi, kalata ya thiransifa yodindidwa, malipoti a zaka ziwiri zomaliza, ndipo ngati nkotheka abwere mu July kapena August kuti adzayambe limodzi ndi anzake mu September mmalo molowa pakati pa chaka ngati wathuyu. Kunyoza sikunatheretu, dzana lomweli amadandaula za ngalande za mu Area 25 mvula ikagwa, ndipo akunenabe kuti akamaliza MSCE akufuna akaphunzire ku yunivesite ya ku South Africa. Ndamuuza kuti ngakhale kuno komwe afunika makirediti 6 kuphatikizapo English kuti zitseko za yunivesite zitseguke, nde teremu ino tikulimbana ndi Biology yomwe ikumuvuta, mnyamata wa ku Mtandire uja amabwera Loweruka kudzawerenga naye pakhonde agogo ali pompo akusankha nyemba.